Dzina Loperekedwa Kawiri

Jumana walandira jekete lake! Walandira dzulo madzulo, lofiira, latsopano, dzina lili pachifuwa, ndipo bambo ake omwe aja amene analumbira kuti mwana wawo sadzapondanso kunyumba ya ambulansi ndi amene anakhala pampando wakutsogolo, chipewa chili pabondo, akupukuta m'maso n'kumanamizira utsi wa mbaula. Kusukulu ya atsikana lero palibe amene wamva za masamu, aliyense akufuna kuifotokoza yekha, wina kuwonjezera apa, wina kudumpha apo. Koma nkhaniyi siyambira pa jekete ayi. Iyambira pa bulangeti.

Linali bulangeti lotuwa, laubweya, limodzi mwa aja amakhala m'ambulansi kunsi kwa machira. Jumana analipinda ndi manja ake madzulo a Lachinayi, n'kuliika pamalo pake, n'kukankha chitseko chakumbuyo mpaka chinalira kuti khwa. Usiku umenewo sanaitanidwe kulikonse. Galimoto inagona m'galaja, makiyi ali m'thumba la woyendetsa. Kutacha, bulangeti panalibe.

M'tauni yathu ya kuphiri ino ambulansi ndi imodzi yokha, ndipo oigwirira ntchito salipidwa. Masana ndi aphunzitsi, ogulitsa nyama, alimi a maapozi, ndipo usiku umodzi pa sabata aliyense amakagona kumeneko kudikira foni. Gulu la Lachinayi mkulu wake ndi a Tsabola, mayi wa sitolo ya mankhwala, wamfupi, wosaseka wamba. Woyendetsa ndi a Nthenga, ophika buledi, amene akakhala pampando galimoto imapendekera mbali yawo. Wachitatu anali Jumana, atangomaliza kumene sukulu, akadali poyesedwa, atavala kamalaya koyera ka ophunzira m'malo mwa jekete. Ntchito ya wophunzira ndi kuona kuti katundu yense wa m'galimoto ali m'malo mwake. Chikasowa chinthu safunsa wina.

Maina amenewa si obadwa nawo. Kunyumba ya ambulansi dzina lako lenileni umalisiya pakhomo pamodzi ndi matope a kunsapato. Zinayamba nthawi ya nkhondo, pamene mnyamata wa mfuti wotseka msewu ankangomva dzina n'kudziwa ngati umagwada kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo akadziwa ankadziwanso chochita nawe. Ndiye anthu a ambulansi ankayenda ndi maina opanda chipembedzo. Nkhondo inatha ife tisanabadwe, koma mwambo unatsala. Dzina sudzisankhira, amakupatsa ndi anzako, ndipo likamata lamata, ukalikana ndiye kuti wakana ntchito. Lisanaperekedwe amayamba afunsa a Nyundo, okhawo otsala mwa amene anayambitsa ntchitoyi, chifukwa maina akale sanalembedwe paliponse, onse ali m'mutu mwawo. Koma Jumana polowa, a Nyundo anali mumzinda kwa mwana wawo, akudikira opaleshoni ya ng'ala. Tsiku lake loyamba magetsi atathima, mtsikanayu anapisa m'chikwama n'kutulutsa kandulo imene amayi ake anamulongedzera pamodzi ndi masokosi. A Nthenga anaseka mpaka kugwira m'mimba. Basi, anakhala Kandulo.

Za bulangetizo a Tsabola sanakalipe. Anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kumuuza kuti bulangeti lilibe miyendo, ndipo tsiku limene adzanyamule munthu wozizidwa popanda chomufunditsa adzamvetsa. Jumana anapepesa ngakhale sankadziwa chimene akupepesera. Koma panali kanthu kena kamene sananene. Madzulo alionse, asanakhale pansi, a Tsabola amayesa mawailesi a m'manja. Amaitana dzina lililonse, mwini wake n'kudina batani n'kuyankha kuti alipo. Madzulo amenewo ataitana Kandulo, Jumana asanadine n'komwe, wailesi inalira yokha kuti tche, monga imachitira wina akaitsegula kwinakwake, ndipo munamveka mpweya wautali ngati wa munthu amene wakwera chitunda akuthamanga. Iye anangoti ndi mabatire.

Lachinayi lotsatira wailesi inachitanso chimodzimodzi. A Nthenga anali atabwera ndi buledi wotentha wopaka mafuta a azitona ndi timasamba tonunkhira ta zatara, ndi fulasiki ya tiyi, koma asanalume foni inalira, mphunzitsi wina wopuma ntchito atagwa m'bafa kumunsi kwa msika. Anathamanga onse, Jumana n'kutseka chitseko pambuyo. Pobwerera anapeza chitseko chokhoma mmene anachisiyira, mbale ili mbee, fulasiki palibe.

"Kandulo mwana iwe," anatero a Nthenga akuyang'ana mbale ija mwachisoni, "ngati uli ndi chibwenzi chanjala ungonena, ndizimuphikira wake. Wanga andisiyire."

A Tsabola sanaseke. Anafunsa amene anatseka, ndipo yankho analidziwa kale.

Chipinda chogona akazi chimagundana ndi galaja. Jenereta ya m'dera itazima tauni yonse inangoti bii, phokoso lotsala linali la mphepo m'mitengo ya maapozi yopanda masamba, ndi mkonono wa a Nthenga kuseri kwa khoma lina. Jumana anagona maso ali gwa. Kenaka anamva chitseko chakumbuyo kwa ambulansi chikutseguka pang'onopang'ono, mmene amatsegulira munthu wodziwa pamene chimalirira. Kabati imodzi inatseguka n'kutsekeka. Ina inatseguka n'kutsekeka. Sikunali kufwanthula kwa mbala. Anali manja a munthu woona ngati zonse zili m'malo mwake, kuyambira kumutu kwa machira kutsikira kumiyendo, ndendende mmene iye mwini anaphunzitsidwira. Anatenga tochi n'kutsegula chitseko cholowera m'galaja. Ambulansi inali yotsegula. Lamba wa machira ankagwedezeka yekha ngati wina wangomusiya kumene. Munali kuzizira koposa panja, ndi fungo la matayala opsa. Munthu munalibe, ndipo chitseko chachikulu chinali ndi mpiringidzo wake mkati.

M'mawa anawauza a Tsabola, ndipo iwo anati tulo tikachepa makutu amachuluka. Koma Jumana anawaona akupita mwakachetechete kukagwedeza mpiringidzo uja.

Nkhani m'tauni muno imayenda ndi khofi wam'mawa. Pofika Lamlungu inali italowa m'nyumba iliyonse. Kumalo ometera ankati Jumana, mwana wa Abu Fawzi, amasiya zenera lotsegula kuti mnyamata wake alowe. Amayi ena ankati amagulitsa katundu wa odwala. Ena ankatsitsa mawu n'kunena kuti nyumba imeneyo inanyamula mitembo yambiri nthawi ya nkhondo, si yogonamo mtsikana. Azakhali ake a Jumana anatumiza botolo la madzi odalitsidwa, mayi woyandikana nawo anatumiza mkanda wabuluu wothamangitsa diso loipa, ndipo a Nthenga anapachika zonse ziwiri pakhomo la galaja, ati poti chiwandacho sakudziwa kuti chimapemphera kuti.

Bambo ake, Abu Fawzi, ndi mlimi wa maapozi wosalankhula zambiri. Anamva zonsezi akumetedwa, nkhope ili ndi thovu, osatha kuyankha. Madzulo ake anamuuza mwana wawo kuti walira mvula walira matope, koma matope amenewa akugwera pakhomo pawo, ndipo chikangosowanso chinthu abwere kunyumba asadzabwererenso. Akomiti oyang'anira ambulansi nawo ananena zomwezo kudzera mwa a Tsabola. Jumana anali atalakalaka jekete limenelo kuyambira tsiku limene ambulansi inadzanyamula agogo ake iye ali wamng'ono, mtsikana wina wa jekete lofiira atagwada n'kuwalankhula ngati mayi ake omubala. Tsopano linkamupulumuka chifukwa cha bulangeti ndi buledi.

Ndiye linafika Lachinayi la chipale chofewa, mvula youndana yoyera ija. Chinayamba kugwa masana, pofika madzulo misewu inali yoyera, masitolo atatseka msanga. Atalowa m'nyumba ya ambulansi, Jumana anapeza nkhalamba yaitali, yowonda, itakhala pafupi ndi mbaula, maso onse awiri omangidwa nsalu. Anali a Nyundo. Anali atabwerako mumzinda, ndipo ngakhale adokotala anati agone, iwo anati kunyumba akazi awo akuwadyetsa ndi sipuni ngati khanda, bola kudzamva fungo la dizilo. Jumana anawapatsa moni powatchula kuti amalume, n'kuwaikira kakapu ka khofi m'manja.

A Tsabola anatenga wailesi. Anaitana Nthenga, a Nthenga n'kuyankha pakamwa pali podzaza. Kenaka anaitana Kandulo.

Jumana anali asanatulutse wailesi yake m'thumba. Inalira kuti tche, mpweya uja unamveka, ndipo ulendo uno panabwera mawu. Anali a mnyamata, osasa pang'ono, odekha.

"Ndilipo."

Kakapu ka a Nyundo kanapendekeka, khofi akutayikira pa thalauza, iwo osamva kutentha.

"Dzina limenelo wapereka ndani?" anafunsa chonong'ona.

A Nthenga anameza n'kuvomera kuti ndi iwo, ndipo anayamba kufotokoza za magetsi ndi za masokosi, koma a Nyundo anakweza dzanja. Anati Kandulo analipo kale. Anali mnyamata wosoka nsapato, wamanzere, amene sankadziwa kukhala pansi. M'nyengo yozizira yoipitsitsa ya nkhondo, mabomba akugwa kumtunda kwa kasupe, anapita ndi woyendetsa wake kunyumba ina kukanyamula bambo wovulala. Ambulansi ya masiku amenewo inali kagalimoto kakang'ono, malo ake a munthu mmodzi. Mkazi wa bamboyo anali ndi pakati, ankalira kuti asamusiye, ndipo Kandulo anamuuza kuti akhale pansi pa masitepe, amubwerera. Anamufikitsa bambo uja kuchipatala n'kutembenuka. A Nyundo ndi amene anali pa wailesi usiku umenewo, ndipo anamumva akunena kuti akukwera kukatenga mayi uja. Pa khona la kasupe bomba linawapeza. Mayiyo anathawitsidwa m'mawa mwake ndi anthu oyandikana nawo, banja lonse n'kupita kutsidya kwa nyanja, ndipo kumtunda kumeneko palibe amene anakhalakonso.

Anati maina a anzawo amene sanabwerere anawaika padera, osati chifukwa cha ulemu wokha. Munthu wa ambulansi ali pantchito malinga ngati dzina lake likuitanidwa.

"Kale tikaitana munthu pa wailesi madzulo, m'mawa tinkamuwerutsanso pa wailesi pomwepo," anatero a Nyundo. "Inu mumaitana madzulo, kukacha mumangotsanzikana pakhomo ngati anthu ochokera ku ukwati. Mwamuitana mnyamata ameneyu sabata ndi sabata, ndipo palibe wamuuza kuti apite kwawo."

A Tsabola anayesa kunena kuti mwina ndi ana amwano amene apeza wailesi yakale, koma mawu awo anathera panjira. Pofuna kuthawa maso a anthu, Jumana anati akukaona katundu. Analowa m'galaja, natsegula makabati. Timatabwa tomangira mwendo wothyoka panalibe. Mabandeji aakulu panalibe. Iye anali atawaona ndi maso ake asanalowe kukapereka moni.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, tochi ili m'manja, misozi ikuzizira pamasaya. Akanatha kukhala chete mpaka m'mawa, mwina usiku ukanadutsa opanda foni. Koma anaganiza za munthu wothyoka mwendo pa chipale chimenechi, galimoto n'kufika yopanda kanthu. Anabwerera, nawauza a Tsabola zimene zasowa, ndipo anayamba kumasula zingwe za kamalaya koyera kaja kuti akabweze. Magetsi anathima. Kunatsala kuwala kofiira kwa mbaula kokha, ndi mphepo ikukanda pazenera.

Mawailesi onse atatu analira pamodzi.

"Kandulo pano. Kumtunda kwa kasupe, nyumba ya mkuyu. Wodwala mmodzi, wamkazi, wathyoka ntchafu. Ndamumanga. Kunyamula sindingathe. Bweretsani machira."

Kenaka tche, basi.

A Nthenga ananong'oneza pemphero, ndipo palibe anasamala kuti ndi la mbali iti. A Tsabola anakhala mutu uli m'manja. Ananena zimene aliyense ankaganiza, kuti kumtunda kulibe munthu, msewu wake sunakonzedwe chiyambire nkhondo, ndipo galimoto ikakatitimira kumeneko tauni yonse itsala yopanda ambulansi usiku wa chipale chifukwa chothamangira mawu a mumphepo. Anafunsa kuti akomiti adzawauza chiyani.

Jumana anamanganso zingwe zake. Anatembenukira kwa a Tsabola.

"A Tsabola, munandiphunzitsa nokha kuti woitana sitimufunsa kuti ndi ndani, timamufunsa kuti ali kuti. Uyu wanena kumene ali."

A Tsabola anaimirira, naimbira gulu la tauni yakumunsi kuti liwayang'anireko foni, n'kuuza a Nthenga kuti amange matcheni kumatayala kuti asamaterereke. A Nyundo anali atavala kale chipewa. Anati njira imeneyo palibe wina akuidziwa, ndipo maso si ofunika, usiku uno aliyense ndi wakhungu.

Anakwera pang'onopang'ono, matcheni akulira, nyali zikungoonetsa chipale chowuluka ngati ufa. A Nyundo anakhala kutsogolo dzanja lili pachitseko, akumva msewu ndi msana wawo. Galimoto ikagwedezeka ankati apa ndi pamlatho, khotera kumanja, gwira khoma. Nyumba zokhala anthu zinatha, panayamba makoma opanda madenga, mazenera akuda ngati pakamwa popanda mano. Atafika pa khona la kasupe, a Nyundo anavula chipewa, ndipo injini inatsokomola ngati ikufuna kuzima. A Nthenga anaisisita pa chiwongolero n'kumaitchula mayi wanga, mlongo wanga, mpaka inadutsa.

Pamene msewu unathera anaima. A Nthenga anatembenuza galimoto kuti iyang'ane kumunsi, a Nyundo anatsala pampando, ndipo enawo ananyamula machira n'kukwera masitepe a miyala, chipale chikufika m'maondo. Mkuyu unalipo, wouma, nthambi zake zitagwira denga. Chitseko cha nyumbayo chinali chotsegula pang'ono. Jumana ndi amene anali kutsogolo. Anakankha ndi phewa, mtima uli thithithi, n'kuwalitsa tochi pansi.

Pansi pa masitepe a m'nyumbamo panagona mayi wokalamba, wamng'ono ngati mwana, atafunda bulangeti lotuwa laubweya mpaka m'khosi. Mwendo wake unali womangidwa bwinobwino pakati pa timatabwa, kuyambira m'chiuno mpaka kukakolo. Pambali pake panali fulasiki ya a Nthenga, ndi sutikesi yatsopano ikadali ndi kapepala ka pabwalo la ndege. Maso ake anali otsegula.

"Mwafika," anatero mayiyo. "Anati msewu ndi woipa, ndisadandaule."

A Tsabola anagwada n'kuyamba ntchito, manja awo akudziwa zochita ngakhale nkhope inali itayera. Mayiyo anati dzina lake ndi Wadad. Mwamuna wake anamwalira chaka chatha kutsidya kwa nyanja, ndipo iye anafuna kuona nyumba yake asanamutsatire. Ana ake ankadziwa kuti ali kwa msuweni wake mumzinda. Anabwera pa takisi masabata angapo apitawo osauza munthu, chifukwa amene ankawadziwa onse ali kumanda. Masana amenewo anaterereka pa masitepe. Anati mnyamata wa ambulansi wakhala akubwera kudzamuona, amapepesa kwambiri kuti anachedwa, ndi waulemu, koma sakula ayi, ali chimodzimodzi.

Jumana anawagwira dzanja n'kuwauza kuti agogo, tikunyamulani tsopano, zipweteka pang'ono. Mayi Wadad anamufunsa dzina. Pantchito dzina ndi limodzi lokha, ndipo Jumana analinena.

"Nawenso?" Mayiyo anamwetulira. "Ndiye kuti ndinu apachibale. Manja anu akufanana, koma ako ndi ofunda."

"Iyeyo ali kuti, agogo?"

"Panja, pansi pa mkuyu. Simunamuone polowa? Akuti iye sakwera. Malo ndi a munthu mmodzi, ndipo ulendo uno ndi anga."

Potuluka ndi machira palibe anayang'ana kumkuyu. Jumana anali kumutu, ndipo podutsa pamtengowo anamva fungo lija la matayala opsa, pafupi kwambiri, ngati wina wapatuka kuti iwo adutse. Anatsika masitepe, nalowetsa machira, a Tsabola ndi Jumana n'kukwera kumbuyo n'kudzitsekera. A Nyundo anatembenuka pampando n'kupempha kuti awagwiritse mwendo wa wodwalayo. Zala zawo zinayenda pa mabandeji mpaka zinapeza mfundo. Anaisisita nthawi yaitali. Anangoti mfundo ya wamanzere, ya osoka nsapato, ndipo anatembenukiranso kutsogolo.

Pamenepo pachitseko chakumbuyo panalira mbama ziwiri, pha, pha, chizindikiro chimene wotseka chitseko amapatsa woyendetsa kuti zonse zili bwino, anyamuke. A Nthenga anachotsa buleki osaganiza n'komwe, monga achitira zaka zonsezi. Anali atatsika mpaka pa kasupe pamene anayang'ana pagalasi n'kuona kuti anthu ake onse ali m'kati. Sanalankhule mpaka kuchipatala, ndipo amene amawadziwa a Nthenga akuti chimenechi ndiye chodabwitsa choposa zonse.

Adokotala anati mayiyo akanagona pansi pamenepo mpaka m'mawa sakanapezeka wamoyo, ndipo anafunsa amene anamanga mwendowo, ati mamangidwe amenewa anawaona komaliza m'mabuku akale. A Tsabola anayankha kuti ndi mnzathu wa gulu la Lachinayi.

Anabwerera kunyumba ya ambulansi kukuyera. Pakhomo anapeza Abu Fawzi ataima m'chipale, ndevu zili mbuu, atamva kuti galimoto yakwera kumtunda ndi mwana wawo. Anabwera kudzamutenga. A Tsabola anawalowetsa, nawakhazika pafupi ndi mbaula, n'kuwafotokozera kumene bulangeti linapezeka. Iwo anamvetsera, chipewa akuchizunguza m'manja, ndipo atamaliza anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati dzinalo silingachotsedwe pa mwana wawo.

A Tsabola anati mwambo suloleza, koma mwambo sunaonepo zotere, ndipo Jumana akafuna dzina lina iwo akalankhula okha ndi akomiti. Onse anayang'ana Jumana. Iye anali atatopa moti ankaona zinthu ziwiriziwiri, malaya ali ndi magazi a zala zake zong'ambika ndi kuzizira.

"Bambo, mwini wake anayenda nalo bwino," anatero. "Ndikalitaya lero, anthu adzati linali lonyansa. Ndilisunga. Koma amalume amuwerutse kaye, wagwira ntchito nthawi yaitali."

Anawapatsa a Nyundo wailesi. Nkhalambayo inaimirira, inakonza kolala, n'kudina batani. Mawu amene anatuluka sanali a munthu wodyetsedwa ndi sipuni.

"Kandulo wamkulu, Nyundo pano. Wodwala wafika, ali moyo. Ntchito yatha. Weruka, mphwanga."

Anadikira. Mbaula inkathetheka, panja wina ankachotsa chipale ndi fosholo, ndipo kutali belu la tchalitchi linayamba kulira kuitana kwa kumzikiti kutangotha kumene. Wailesi inalira kuti tche, kamodzi, popanda mpweya, popanda mawu.

A Nthenga anapuma ngati ng'ombe n'kufunsa ngati ndiye kuti wapita. A Nyundo anabweza wailesi, nakhala pansi, n'kufufuza kakapu kawo ndi dzanja.

"Ndamuuza," anatero. "Koma ameneyo ali moyo sankamva za kuweruka."

Mayi Wadad akuchira, ana awo afika pa ndege akulira ndi kukalipa nthawi imodzi, ndipo dzulo anawabweretsa pa njinga ya odwala kuti ndiwo amuveke Jumana jekete. Theka la kalasi yathu lalembetsa kale kuti likangomaliza mayeso likayesedwe, ndipo aliyense akudzifunsa dzina limene angadzapatsidwe. Kuyambira usiku uja sichinasowenso chinthu. Kungoti Lachinayi lililonse a Tsabola akaitana Kandulo, Jumana sayankha msanga. Amaika chala pa batani n'kudikira pang'ono, poti wamkulu akakhalapo mwana sayamba kuyankha.